Alendo a Desimo pa Linga la Tazuga

Linga la Tazuga, m'dziko la Numidiya, linagwa m'manja mwa Aroma kumapeto kwa chilimwe, m'chaka chachinayi cha nkhondo yolimbana ndi mfumu ya dzikolo. Khoma silinagumulidwe. Eni ake anatsegula okha chipata dzuwa lili paliwombo, n'kutuluka. Ine ndinalipo. Dzina langa ndine Filoni, Mgiriki, ndipo ndinali sing'anga wa asilikali. Ntchito yanga inali kusoka mabala ndi kulimbana ndi malungo.

Nkhaniyi ndaimva ikukambidwa m'nyumba zomwera vinyo, aliyense akuwonjezera zake. Wina amati kunagwa mvula ya magazi, wina amati mafupa anadzuka n'kuyenda. Zimenezo ine sindinazione. Ndawerenga mokwanira kudziwa kuti munthu wanjala, wamantha ndi wosagona amaona zinthu zomwe kulibe. Choncho ndinena zokhazo zimene ndinaona ndi maso anga, ndi zimene ndinamva kwa anthu amene sindinawapezepo akunama.

Tazuga ndi phiri la thanthwe loima lokha pakati pa chigwa chouma. Mbali zonse n'zaphompho, ndipo pamwamba pake m'pomwe panali lingalo, lokhala ndi chitsime chake ndi nkhokwe zake za tirigu. Njira yokwerera inali imodzi, yopapatiza moti anthu awiri sakanayenda moyandikana. Kazembe wamkulu wa asilikali a Aroma ataliona phirilo anati alibe nthawi yolidikirira. Anapitirira ndi gulu lalikulu kukasaka mfumu, n'kusiya gulu laling'ono m'manja mwa Desimo Venuleyo, ndi lamulo loti asachoke lingalo lisanagwe.

Desimo anali mwamuna wofatsa, woona mtima mpaka kutopetsa anzake. Kwawo, m'mapiri a ku Italiya, anasiya mkazi wake Hosidiya ali woyembekezera, ndipo uthenga unali utafika kuti kunabadwa mwana wamkazi. Mwanayo anali atayamba kale kuyenda bambo ake asanamuone. Desimo anamusemera chidole cha kavalo pa mtengo wa mkungudza, n'kuchisunga m'bokosi la zovala. Nyengo yozizira ikayamba ngalawa zimaleka kuwoloka nyanja, ndiye iye ankadziwa kuti lingalo likapanda kugwa msanga, chaka china chidzatha osamuona mwana wake. Chimenecho ndicho chinkamudya mumtima, osati ulemerero.

Aroma akalephera kukwera khoma amaunjika chiunda cha miyala ndi dothi mpaka chifike pamwamba. Vuto linali loti m'chigwamo munalibe mitengo, ndipo miyala yonyamulika inali patali. Koma m'tsinde mwa phiri munali mitumbira yambirimbiri yozungulira, ya miyala yosanjidwa bwino, ina yaitali kuposa munthu. Kenturiyo wathu wamkulu, ndiye kuti kapitawo wa asilikali, Sitatiyo, msilikali wakale wamphuno yothyoka ndi pakamwa posatseka, ataiona anawomba m'manja.

"Taonani, anthu abwino awa anatisonkhanitsira kale miyala," anatero.

Tinali ndi gulu la Anumidiya okwera pa akavalo amene anali mbali yathu. Mtsogoleri wawo anali Nabudi, mwana wa banja lolemera la kum'mawa, munthu wokonda kuseka ndi vinyo. Iye anati, "Amenewo ndi manda, akulu."

"Ndi a kwanu?" anafunsa Sitatiyo.

"Si a kwathu ayi. Koma ine sindingakhalepo, ngakhale kuti ndimange nsapato."

"Ndiye musakhalepo. Ife tingonyamula."

Atapasula mtumbira woyamba anapezamo mafupa a munthu atakhala pansi, maondo ali pachifuwa, manja atakumbatira miyendo, mafupa onse ali psuu ndi katondo. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi, ina inali ya ana. Sitatiyo anawerama n'kuvula chisoti.

"Pepanitu agogo, nyumbayi boma laifuna. Kadandauleni ku Roma."

Asilikali anaseka. Mafupawo anawataya m'khwawa, onse pamodzi. Desimo atamva analamula kuti awakwirire ndi dothi, ndipo anawakwirira, koma kupasula sikunaleke. Pomatha mwezi m'chigwamo munalibe mtumbira ndi umodzi womwe.

Chiundacho sichinatithandize. Tikakonzekera kukwera mbandakucha, tinkapeza adani atatidikira ndi miyala yogubuduza ndi phula lamoto. Tikasintha tsiku, iwonso ankasintha. Ine ndinati mumsasa muli kazitape. Nabudi anati ayi.

"Pamwambapo palinso manda ena, a makolo akuluakulu. Mwamuna wa ku Tazuga akafuna kudziwa za mawa amakagona pa manda a atate ake, ndipo amauzidwa kutulo. Mukulimbana ndi anthu amene alonda awo sagona."

Ndinaona kuti mawuwo amulowa Desimo.

Aroma ali ndi mwambo umene ife Agiriki timaudabwa. Iwo amakhulupirira kuti mzinda sugwa mlonda wake wosaoneka akadali m'katimo. Ndiye asanaulande amaima kunja kwa khoma n'kumuitana kuti atuluke, asiye anthu akewo, abwere kwa Aroma, ndipo amamulonjeza kachisi wabwino ndi nsembe zoposa zimene amalandira. Kwa Mroma limenelo ndi pangano ngati la pamsika: iwe ukachita chako, ine ndichita changa, ndipo palibe kubweza mawu.

"Kachisi ku Roma ndilibe mphamvu yomulonjeza," Desimo anandiuza madzulo ake. "Amene angalonjeze m'dzina la mzinda ndi kazembe wamkulu yekha. Ine sindingawinde chinthu chomwe si changa."

"Ndiye zisiyeni, bwana. Chitsime chawocho chidzauma tsiku lina."

"Tsiku linalo mwana wanga adzakhala akutunga yekha madzi. Ndilonjeza changa, a Filoni. Nyumba ndili nayo. Nafenso kwathu timasunga mizimu ya makolo, tiziboliboli tiwiri pa kashelefu pafupi ndi moto. Pakudya timaiponyera kachidutswa, basi, sivutitsa munthu. Pakashelefupo malo alipo."

Sindinamutsutse. Kwa ine onsewo anali mawu oponyera kumphepo, ndipo ndinaganiza kuti mwina awalimbitsa mtima asilikali.

M'mawa mwake, dzuwa likutuluka, tinaima m'tsinde mwa chiunda. Desimo anafunda mutu ndi mkanjo wake monga amachitira Aroma popemphera, anapha nkhosa yoyera, n'kugwira nthaka ndi dzanja. Mroma salola kuti pangano likhale ndi mpata, choncho popeza mayina sankawadziwa, anaitana mosasiya aliyense. Nabudi anaima pambali pake kuti azifuula mawuwo m'chinenero cha dzikolo.

"Inu amene mumasunga Tazuga, kaya ndinu amuna kaya akazi, kaya akulu kaya ana, nonse osatsala ndi mmodzi yemwe, asiyeni anthu awa. Bwerani kwa ine. Mukatero, nyumba yanga idzakhala nyumba yanu, moto wanga moto wanu, ndipo mudzakhala pamodzi ndi ana anga ndi ana a ana anga."

Nabudi anamasulira mpaka pakati n'kuima. Anayang'ana kukhwawa kuja, kenako anayang'ana Desimo.

"Bwana, ena mwa amenewa mwawagwetsera nyumba. Munthu wopanda nyumba ukamuitana amabweradi."

"Malizani, a Nabudi."

Anamaliza, koma ndi mawu otsika. Wansembe wa gulu lathu anatumbula nkhosa, anayang'ana chiwindi, nati nsembe yalandiridwa. Sitatiyo anayasamula nati, "Alendowo abwere ndi kamba wawo, kuno tirigu ndi wochepa."

Tsikulo palibe chinachitika. Usiku wake agalu a mumsasa, amene ankatisowetsa tulo masiku onse, anakhala chete. Kutacha tinapeza kuti achoka onse. Nabudi ndi anthu ake nawonso anali atamanga katundu.

"Mukuthawa, a kuchifumu?" Sitatiyo anamufuulira.

"Ndikupatsa malo alendo," anayankha Nabudi. Sanaseke.

Pa chiunda, pomwe fumbi linali lofewa, panali mapazi a anthu opanda nsapato, a akulu ndi a ana, onse otsika, olunjika kumsasa. Okwera panalibe. Mapazi ena ankachokera kukhwawa. Alonda analumbira kuti sanaone munthu. Ine ndinati mwina ndi akazi a m'linga amene athawa usiku n'kudutsa mwakachetechete.

Asilikali achiroma amagona asanu ndi atatu m'hema mmodzi, amapera okha tirigu pa mphero yamanja n'kuphika mkate umodzi wogawana. Madandaulo anayambira pamenepo. Wodula mkate wadula zidutswa zokwanira, aliyense watambasula dzanja, koma wina watsala wopanda. Ankanenana kuba, ena mpaka kumenyana. Ndinakakhala nawo pa hema wina kuti ndione ndekha. Ndinayang'anitsitsa mpeni, ndinayang'anitsitsa manja. Zidutswa zinakwana, manja anatenga, mbale inatsala yopanda kanthu, ndipo msilikali mmodzi anakhala dzanja lili chitambasulire. Dzanja lachilendo sindinalione. Ndingonena kuti sindinathe kukumbukira amene anatenga chidutswa cha pafupi ndi ine.

Chimene chinayamba kundiopsa ine sichinali chimenecho. Madzulo ena ndikudutsa mumsasa ndinaona kuti asilikali akukhala motalikirana pozungulira moto. Kale ankathithikana chifukwa cha mphepo ya m'chigwa. Tsopano pakati pa munthu ndi mnzake panali mpata wokwana munthu wina. Ndinafunsa mmodzi, "Bwanji osasendera kwa mnzakoyo?"

Anayang'ana mpatawo, n'kundiyang'ana ine, nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono.

"Sindikudziwa, a sing'anga. Ndinangosuntha. Ndimayesa wina amafuna kukhala."

Anzake anayang'anana. Palibe anasendera. Pamoto uliwonse zinali choncho, ndipo kuyambira tsikulo mumsasamo simunamvekenso nyimbo.

Madzi tinkakatunga kutali ndi abulu. Otunga anayamba kubwera ndi nkhani ya anthu okhala m'mbali mwa njira masanasana: nkhalamba zofunda zikopa, amayi obereka ana, onse atakhala maondo pachifuwa, mitu ataweramitsa. Sankapempha kanthu. Ankangofunsa m'Chilatini, chinenero cha Aroma, mawu ake omveka bwino koma ouma, ngati a munthu wobwereza zimene sakuzidziwa: "Kwa a Desimo ndi kuti?" Otungawo ankaloza kumsasa. Pobwerera sankawapeza. Kenako funso linasintha. Mkulu wa otunga madzi, munthu wosamwa amene ndinamudziwa kwa zaka zambiri, anabwera kudzandiuza.

"Sakufunsanso za msasa ayi. Akuti, 'Kumudzi kwa a Desimo ndi kuti? Njira yake imadzera kuti?' Ndipo lero mayi wina wandifunsa kuti, 'Mwana wa pakhomopo dzina lake ndani?'"

"Unamuyankha?"

"Ndikanayankha chiyani, dzinalo sindilidziwa. Koma a sing'anga, pofunsapo sanadzutse mutu, ndipo abulu anakana kudutsa."

Dzinalo ine ndinkalidziwa. Sindinalitchule tsiku limenelo, ndipo sindilitchula m'nkhani ino.

Mwezi usanathe chipata cha linga chinatseguka. Anatsika amuna, akazi, ana ndi mbuzi zawo, opanda chida chilichonse. Sanali owonda. Pambuyo pake tinapeza nkhokwe zawo zili ndi tirigu, chitsime chili ndi madzi. Koma maso awo anali ofiira ngati a anthu ogonera pamaliro. Patsogolo panali mayi wachikulire, wamtali, wa mphini pachibwano, amene ankaoneka kuti ndiye mwini mawu. Msilikali wina wodziwa chinenerocho anamasulira.

"Woitanayo ndi uti?" anafunsa mayiyo. Atamulozera Desimo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga mmene mayi amayang'anira mkamwini. "Chiyambire tsiku lija palibe wa ife amene walota. Tagona pa manda, kuli zii. Atisiya. Ndiye pamwambapo tikhalirenji?"

"Simuphedwa, mayi," anatero Desimo. "Ndalamula kale."

Mayiyo anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

"Mvetserani, popeza tsopano ndi anu. M'mawa muziwapatsa mkaka wa mbuzi, wosawiritsa. Mchere sadya. Ana awo amakonda kusewera ndi ana amoyo, ndiye kwathu mwana wosamera mano onse sitimugoneka pafupi nawo, chifukwa amapita nawo. Ndipo musamawatsekere chitseko. Chimenecho ndiye musayese."

"Alipo angati?"

"Tinayamba kuika maliro pano phiri lino lisanakhale ndi dzina."

"Atengeni, mayi. Ndimangitsanso mitumbira yonse."

"Muikamo ndani? Mafupa munawasakaniza. Komanso mlendo woitanidwa sabwezedwa pakhomo. Kapena kwanu mumatero?"

Desimo anatembenukira kwa wansembe wathu. Wansembeyo anayang'ana pansi nati iwo achita mbali yawo, linga lagwa, ndipo chowinda chiyenera kuperekedwa. Desimo sanakangane naye. Lamulolo ankalidziwa kuposa wansembeyo.

Tinayesa kuti linga litagwa zinthu zikhala bwino, koma zinthu zinayamba kusowa: zofunda, timiphika, zikho, zingwe za nsapato. Sizinapite kutali. M'mawa tinkazipeza kuseri kwa hema wa Desimo zitamangidwa m'mitolo, mfundo zake zachilendo, mitoloyo itandandalikidwa bwinobwino monga amachitira anthu osamuka. Palibe msilikali amene analimba mtima kutenganso chake.

Tsiku lina Desimo anandiitana masana. Hema wa mtsogoleri ndi wamkulu, ndipo munali bedi, bokosi ndi mpando basi. Koma nditalowa ndinapezeka ndawerama, ndikuyenda cham'mbali, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Zikomo, zikomo," monga munthu wodutsa pakati pa akuluakulu atakhala. Kunja dzuwa linkawotcha. M'katimo munali mozizira, mukununkha dothi lokumbidwa kumene. Desimo anali atakhala pansi pakona, miyendo atapinda. Bedi anali atalisiya.

"Mwaona?" anandifunsa.

"Sindinaone kanthu, bwana."

"Nanenso sindiona kanthu. Koma malo mulibe."

Ananditambasulira chidole chija. Anati amachitsekera m'bokosi, koma m'mawa uliwonse amachipeza pansi. Khutu limodzi linali litathyoka. Msana wake unali utasalala ngati wa chidole chimene chadutsa m'manja mwa ana a mudzi wonse, ndipo m'mizere ya mchira munali katondo. Pafumbi panali mikwasa ya pomwe ankachikoka, ndi timapazi.

"Achikonda," anatero Desimo. "Akudikira mwini wake."

Sitatiyo atamva zimenezi anatukwana milungu ya mitundu itatu. Ndiye anamuphunzitsa Desimo usilikali kuyambira pachiyambi, ndipo ankamukonda ngati mwana wa mlongo wake.

"Nyumba zawo ndinagwetsa ndine. Akafuna mlandu abwere kwa ine. Inu bwana mukagone kwa a Mgirikiwa, ngakhale amanunkha mankhwala."

"Mayi uja anati tisawatsekere," anatero Desimo.

"Mayi uja si kenturiyo wa gulu lino."

Dzuwa litalowa anamutulutsa Desimo, anawaza mchere pakhomo pa hema, anasoka khomolo ndi chingwe kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kukhala panja lupanga lili pamiyendo.

"Alowa okha, akhale momwemo. Mawa tiyatsa hemayu, tione ngati agogo amapsa."

Ine ndinamuuza kuti akungodzivutitsa ndipo adwala chifuwa.

Usiku umenewo tinamva mphero. Sinali imodzi. Zinkamveka mbali zonse za msasa, zikupera pang'onopang'ono, ngati akazi ambiri akukonza kamba wa ulendo. Asilikali anandiuza pambuyo pake kuti m'hema aliyense munali wina atagwira mphero yawo ndi manja awiri kuti atsimikize kuti siikuyenda. Kenako kunamveka chikopa cha hema wa Desimo chikukokeka, ngati ng'ombe zikukankha khola. Desimo anadzuka kuti apite, ine ndinamugwira mkono. Kenako kunati zii. Sitatiyo sanafuule. Ndikanakonda akanafuula.

Kutacha chingwe chinali chimangire, mfundo zake zonse zili bwino. Panja panali lupanga lokha. Titadula chingwecho tinamupeza Sitatiyo m'kati, pakati penipeni pa hema, atakhala maondo pachifuwa, manja atakumbatira miyendo, thupi lonse lopakidwa katondo mosamala, mpaka kuseri kwa makutu ndi pakati pa zala. Bala analibe. Ankapuma, maso ali tong'o. Amuna anayi anayesa kumuwongola miyendo, osatheka. Anamwalira dzuwa likulowa, osanena kanthu. Matenda oumitsa thupi ndimawadziwa, ndipo ndinauza asilikali kuti ndi amenewo. Koma matendawo sapaka munthu katondo.

Lamulo linabwera loti tibwerere kugombe. Asilikali anakana kuyenda pafupi ndi Desimo, ndiye iye ankayenda kumbuyo kwa gulu, ine ndili naye. Kumbuyo kwathu kunali chigwa chopanda munthu, koma fumbi lomwe linkatitsata linali lalitali ngati la gulu lina lankhondo. Tikaima, linkakhazikika. Tikanyamuka, linkadzuka. Mphepo ya m'dzikomo imachita zodabwitsa ndi fumbi, ndipo ndinamuuza choncho. Iye anangogwedeza mutu. M'mawa uliwonse ankagula mkaka kwa abusa n'kuuika pansi m'chisoti chake.

"Mizimu siwoloka nyanja," anandiuza tsiku lina. "Mabuku anu amatero, si choncho?"

"Ena amatero, bwana."

"Ndiye tikayese."

Padoko tinapeza ngalawa yomaliza ya chakacho. Inali itabweretsa zida ndipo inkabwerera yopanda katundu. Mwini wake, mwamuna wonenepa wa ku Sisiliya, anasangalala kupeza okwera. Ine ndinakwera, ngalawa ili phee. Desimo anakwera ndi bokosi lake. Koma thabwa lokwerera linapitiriza kulira pambuyo pake, kwee, kwee, kwee, likupindika n'kuwongoka, popanda wopondapo. Amalinyero anasiya zingwe. Mwini ngalawa anasuzumira m'mbali n'kuona madzi akukwera pa matabwa: chala, chikhatho, mkono.

"Bwana, mwanyamula chiyani?"

"Bokosi limodzi."

"M'bokosimo muli phiri? Ngalawa yanga ikumira ili padoko!"

Sinamire. Inatsika mpaka pa mzere umene imafika ikadzaza tirigu, n'kuima pomwepo, yokhazikika, yokonzeka ulendo. Thabwa linakhala chete. Pa zonse zimene ndinaona m'dziko lija, chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri: ngalawayo ikanatha kuwoloka nawo onse.

Desimo anaima nthawi yaitali akuyang'ana kumpoto, kumene kunali kwawo. Kenako anandikokera pambali, n'kulankhula monong'ona, ngakhale kuti pafupi panalibe munthu.

"Njira saidziwa, a Filoni. N'chifukwa chake amafunsa. Akutsata ine. Ndikapanda kupita, safika."

"Ndiye mukhala kuno mpaka liti?"

"Ndinalonjeza nyumba yanga. Ndikamanga ina kuphiri kuja, ikhala yanga ndithu. Moto ndiwasonkhera. Za ana, adikira."

"Nanga mukadzamwalira?"

Ndinaona kuti funsolo analiganizira kale ine ndisanalifunse.

"Pamenepo ndidzakhala mmodzi wa iwo, ndipo njira ndikuidziwa. Ndiye mverani. Mukamuuze Hosidiya agulitse nyumba ndi munda, atenge mwana, apite kumene ine sindinafikeko. Asadzandiuze. Inunso musadzandiuze, ngakhale nditatuma munthu kuti ndikulira. Ndipo kuno musadzabwerenso."

"Chidolechi ndikamupatse mwana?"

"Ayi. Chili ndi eni ake."

Anachitenga m'manja, bokosi n'kulisiya, ndipo anatsika. Thabwa linalira nthawi yaitali, ngalawa ikukwera pang'onopang'ono mpaka inayandama ngati chikho. Ndinamuona akuyenda m'mphepete mwa doko, anthu akumupatukira malo aakulu kuposa amene munthu mmodzi amafuna.

Hosidiya ndinamupeza akupeta tirigu, mwana atagwira nsalu yake. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandigenda ndi mtsuko.

"Mwamuna wanga ali moyo, inu mukuti ndigulitse nyumba yake? Ali ndi mkazi wina kumeneko, nenani zoona!"

"Mayi, ndikanakonda zikanakhala choncho."

Kenako anafunsa ngati mwamuna wake ananenapo bodza chikhalireni ndi ine kunkhondo. Ndinati ayi. Anamunyamula mwanayo n'kulowa m'nyumba. Dzinja lisanathe anali atasamuka, ndipo ndine ndinawaperekeza.

Papita zaka zoposa makumi awiri. Amalonda a zikopa odutsa ku Tazuga amati m'tsinde mwa phiri muli nyumba yaitali ya miyala, yopanda chitseko, imene mwini wake amaiwonjezera chipinda chaka ndi chaka, ndipo pambali pake pali khola la mbuzi zambiri. Mwini wakeyo ndi nkhalamba yachiroma imene imagona panja. Akuti ikaona mlendo wochokera kunyanja imatseka makutu mlendoyo asanapereke moni.

Mwana uja anakula, anakwatiwa, ali ndi ana ake. Desimo akadali moyo, ndipo kumene kuli mwana wake sakudziwa. Ine ndiye ndikudziwa. Ku Numidiya sindinabwerereko, ndipo munthu wokhala m'mbali mwa msewu akandifunsa njira, sindiyankha.